Tsiku Limene Ndinavala Chipulasitiki M'kati mwa Buluku

Tazimitsa kaye mthuthuthu wakowo, Yamikani, ubwere ukhale apa. Iwenso Tadala, ika foniyo pansi, ndipo usayerekeze kundijambula. Nandoloyu muzisenda uku mukumva, manja anu sanathyoke. Ndakwiya ine lero, ana inu, ndipo musanene kuti ndi ukalamba ukundivuta.

Ndamva zimene unachita dzana pa siteji ya kabaza ku Khonjeni, Yamikani. Usayang'ane kumbali, nkhani inafika kuno iwe usanafike. Che Jafali, munthu wa msinkhu wanga, imvi mutu wonse, anatseka shopu yawo ya masipeya n'kukutsatira, atamva kuti walembetsa mpikisano wa njinga zamoto uja wodutsa m'minda ya tiyi ndi m'mapiri tsiku lathunthu. Anati akuuzeko ziwiri zitatu za kavalidwe ndi kakonzekeredwe. Iwe n'kuwayankha pamaso pa anzako kuti, "Madala, malangizo a munthu amene anabera agogo anga ntchito ine sindiwafuna." Anzako n'kuwomba m'manja. Unadziona ngati ngwazi eti? Unati ukuteteza agogo ako?

Ndiye m'mawa muno ndikukumva ukupempha amayi ako kuti adzakubwereke chipulasitiki chawo chothyolera tiyi, uti mwina tsiku la mpikisanolo kudzagwa mvula. Buluku la jinzi lija wagula pa kaunjika ndaliona lili pa chingwe, lolimba ngati chikumba, uti ukulisungira tsiku lomwelo. Pamenepo ndiye mutu wanga unatentha. Ndinati koma uchitsiru umatengera kumtundu ndithu! Mawu amene unanyoza nawo Che Jafali unawatola m'nyumba muno, ine ndili phee. Lero mumva kuchokera pakamwa panga kuti ntchito ija inapita bwanji, ndipo amene aseke ndimuthamangitsa pakhonde pano. Agogo anu aakazi okha ndi amene ali ndi ufulu woseka, ndipo mukuwamva, ayamba kale m'nyumbamo.

Ine ntchito ya pa esiteti ndinayamba ndili ndi zaka zanu zomwezi. Ndinali wodulira tiyi. Inu mumangoona minda yosalala pamwamba ngati tebulo, mumayesa tiyi amadzimeta yekha. Timadulira ndife, nyengo yozizira, ndi mpeni wokhota, kuyambira kum'mawa mpaka dzuwa litapendeka, msana uli chiweramire. Mikono yanga inali ngati mitengo. Kadzutsa wathu anali chinangwa chophika ndi kalongonda, uja amaphikidwa tsiku lonse n'kumataya madzi, osati zimene mumadya inu za m'timapepala tophulika. Nthochi zinali mbwee Thyolo yense, mkoko umodzi mwamuna osatha kuunyamula yekha. Lero mwana wa ku Thyolo akugula nthochi zochokera kutali, zimandinyansa ine. Koma si za nthochi zimene ndakuitanirani.

Nthawi imeneyo ndinali nditangokwatira agogo anu a Esinati, iwo akuthyola tiyi, amayi anu a Joyisi ali kumsana. Tinkakhala kukomboni, chipinda chimodzi chodontha, utsi wa oyandikana nawo ukulowa kwathu. Ndiye kunamveka kuti esiteti ikufuna munthu wa mthuthuthu. Mafoni kunalibe, Tadala, usatsegule pakamwa choncho. Kalata ya ku ofesi yaikulu, makiyi, mankhwala a ku kiliniki za kutali, katundu wobwera pa sitima ku Khonjeni, zonse zinkadikira munthu woti azitenge. Ntchito imeneyo inali ndi nyumba ya njerwa ya zipinda ziwiri, ya malata, mpope uli pafupi, kuphatikiza jombo ndi jasi la mvula. Agogo anu atangomva za mpope uja anasiya kulankhula za china chilichonse.

Anatisankha anyamata anayi odziwa kuwerenga. Mmodzi anali Jafali, mwana wa mwini sitolo wa ku Khonjeni, amene ankagwira ntchito mu galaja ya esiteti. Makaniko wamkulu anatiphunzitsa miyezi iwiri pa bwalo la mpira, madzulo tikaweruka, aliyense kuzungulira kangapo n'kutsika kuti mnzake akwere. Kenako a manijala anati mayeso ake ndi mpikisano, n'kubwereka mithuthuthu ina kuti aliyense akhale ndi wake. Kunyamuka pa fakitale m'mawa, kudutsa madivishoni onse, zigawo za minda ya esiteti zija, kutsika mpaka ku Khonjeni, kuzungulira mbali ya kwa Changata n'kubwerera, paliponse kapitawo akusayina pepala lako. Woyamba kufika, mthuthuthu ndi nyumba ndi zake.

Ndinakonzekera, ana inu, osati masewera. Iwe Yamikani kukonzekera kwako ndi kuchotsa sayilensa kuti njinga izilira kwambiri atsikana azitembenuka. Ukuganiza kuti poti umanyamula amayi ndi thumba la chimanga kuchoka pa siteji kukafika pa chigayo ndiye kuti ndiwe wolimba thupi? Ulendo umenewo ngakhale ine ndikhoza kuuyenda ndi ndodo. Ine ndinkaika mchenga m'dengu la tiyi la agogo anu, kulibereka kumsana, n'kumakwera nalo phiri lija la kuseri kwa fakitale. Sabata yoyamba theka la dengu, kamodzi. Sabata yachiwiri kawiri. Pofika mwezi wachiwiri dengu lodzaza, katatu, osapumira panjira. Ndikafika pamwamba ndinkanjuta n'kudzuka, kunjuta n'kudzuka, mpaka ntchafu zikunjenjemera. Lamulungu ndinkapuma, chifukwa thupi limalimba tsiku lopuma, ndipo chimenecho ndinachidziwa ndekha popanda wondiuza. Madzi a m'nyumba ndinkatunga ndine, ndowa ziwiri m'manja, kuti zala zizolowere kugwira osatopa. Amayi a kukomboni ankanena kuti a Esinati andidyetsa mankhwala.

Jafali tinkamuseka. Anali woonda, osathamanga, osanyamula kanthu. Iye chake kunali kutenga njinga yakapalasa ya bambo ake n'kumayenda nayo m'misewu ya miyala, lero pafupi, mawa patali pang'ono, mkucha patali kuposa apo, mpaka ankatha tsiku lonse la Loweruka ali pa chishalo. Ankavala kabudula mmodzimodzi yemweyo wa thonje, wakale, wofewa ndi kuchapidwa. Akadutsa pafupi ankanunkha mafuta a nsatsi, ife n'kumati, "Aise, amayi ako amakudzoza ngati khanda?" Iye ankangoseka. Ine ndinkalimbitsa miyendo ndi mikono. Sindinaganizepo kuti palinso malo ena m'thupi amene amagwira ntchito munthu akakhala pa chishalo tsiku lonse.

Tsiku lenilenilo kunacha ndi chiperoni, kamvula kaja kowaza ndi nkhungu yake, phiri osaoneka. Timisewu ta m'minda mukutidziwa, tiyi amakukhudza mbali zonse ziwiri, ndipo akanyowa ukadutsamo umatuluka ngati wagwera mumtsinje. Ine ndinali nditasoketsa buluku la kaki latsopano, n'kuliumitsa ndi sitachi ya chinangwa, kuti a manijala akandiona aone munthu woyenera kale ntchito. Ndiye kuganiza kuti buluku limeneli linyowe, ntchafu zizizidwe, mphamvu zithe? Maso anga anagwera pa chipulasitiki cha agogo anu chili pa msomali.

Ndinachidula pakati. Chidutswa chimodzi ndinakulunga ntchafu iyi, china ntchafu iyi, kuyambira m'mphechepeche mpaka m'mawondo, pakhungu penipeni, n'kumanga ndi malamba a mphira ya chubu, buluku pamwamba. Kunja sindikanavala, ndinkaopa kuti chikodwa mu tcheni, komanso kunena zoona ndinkaopa kuti anthu aseka mwamuna wovala chipulasitiki ngati mayi wothyola tiyi. Agogo anu analowa ndi madzi osamba n'kuima pakhomo.

"Bambo a Joyisi, chipulasitiki changa mwachitani?"

"Ndikugulirani china tikalowa m'nyumba ya malata."

"Iyayi, si za kugula. Ife timamanga kunja, pamwamba pa chitenje, mphepo izilowa, ndipo timagwira ntchito choimirira. Inu mwaika pakhungu n'kukakhalira tsiku lonse? Thukuta lidzera kuti?"

"Za mthuthuthu mwazidziwira kuti inu?"

Ndi mmene ndinawayankhira, ana inu, mofanana ndendende ndi mmene umayankhira iwe. Iwo anangoika beseni pansi n'kunena kuti, "Chabwino, adalaivala."

Ola loyamba ndinali mfumu. Anzanga akunyowa, ine ntchafu zili zofunda bwino. Pa divishoni yachiwiri ndinali nditawasiya onse. Mmodzi anagwa m'matope n'kuthyola handulo, wina injini inamuzimira pa chitunda. Kenako nkhungu inayera, dzuwa n'kutuluka, ndipo potsika kulowera ku Khonjeni kutentha kunayamba. Thukuta linadzaza m'chipulasitiki muja osapeza potulukira. Khungu linafewa ngati chinangwa chovikidwa. Msoko wa buluku latsopano lija, wouma ndi sitachi, unali pomwepo, mphira ili pomwepo, mchenga wa mumsewu nawo unapeza njira n'kulowa. Mwala uliwonse umene tayala linkagunda, zonsezi zinkapekesana ndi ine. Poyamba kunali ngati kuyabwa. Kenako ngati wina wathira tsabola. Ku Khonjeni pondisayinira pepala sindinatsike, ndinangotambasula dzanja, ndipo munthu wosayina uja anati, "Achimwene, mukulira?" Ine ndinati ndi mphepo.

Madzi akumwa sindinanyamule, kamba sindinanyamule. Ndinkati kuima n'kutaya nthawi. Iwenso ndikudziwa ndi mmene ukuganizira, usandinamize.

Kuchoka pamenepo kukhala pa chishalo kunakanika. Ndinaimirira pa zopondera, mawondo opindika pang'ono, n'kumayenda choncho. Apa ndiye dengu la mchenga lija linandilipira. Njira yonse ya mbali ya kwa Changata, mitsinje, zitunda, miyala, ndinayenda choimirira, ndipo ndinazindikira kuti pa msewu woipa njinga imamvera bwino ukaimirira kusiyana ndi kukhala. Miyendo sinandigwetse ulesi. Ndinalowa pa geti la fakitale dzuwa litapendeka, woyamba, anthu akukuwa, agogo anu akululutira mwana ali kumsana. A manijala anandigwira chanza ndili pa njinga pomwepo, n'kunena kuti mawa m'mawa ndiyambe. Ntchito ija ndinaipata ine, ana inu. Imvani bwino pamenepo. Inali m'manja mwanga.

Anthu atayamba kubalalika ine ndinali ndidakali pa mthuthuthu, mapazi pansi, mwendo ukukana kudutsa pa chishalo. Ndi pamene Jafali analowa, wachiwiri, n'kutsika ngati munthu wochokera kumsika. Anabwera kudzandipatsa moni wa mafuno abwino, n'kuona chimene chinkatsikira mu sokosi yanga. Sanafunse kanthu pagulu. Anangokweza mawu kuti, "Injini iyi ikumveka moipa, tiyeni tikaione kuseri," n'kukankha njinga ine ndili pomwepo mpaka kuseri kwa galaja. Kumeneko anandinyamula ngati thumba n'kundikhazika pa tayala lakale. Pomasula mphira zija, chipulasitiki chinachoka ndi khungu lomwe. Tadala, ngati ukufuna kutseka m'maso tseka, koma makutu usatseke.

"Achimwene," anatero Jafali, "izi si zogona nazo. Pitani ku kiliniki lero lomwe, akatsuke. Mawa mukawauze a manijala akupatseni sabata imodzi. Mwapambana pamaso pa anthu, sangakulandeni."

Mukudziwa chimene ndinaganiza? Ndinati munthu uyu akufuna ndigone kuti iye akwere. Ndinamuyankha kuti, "Ndamva, koma pakamwa pakopo potseka."

"Ine sindinena kwa munthu," anatero. "Koma pitani ku kiliniki."

Sindinapite. Ndikanakauza ndani? Adokotala, anamwino ali pomwepo, kuti ndasupuka m'mphechepeche chifukwa chovala chipulasitiki cha akazi anga? A manijala? Ndinakamanga nsanza pa zilonda zosatsuka bwino, buluku lomwe lija pamwamba, n'kuyamba ntchito. Tsiku loyamba ndinaluma mano. Lachiwiri zilonda zinayamba mafinya, agogo anu akundidandaulira, ine ndikuwakalipira. Lachitatu thupi linatentha, ndipo ndinakomoka pa khomo la ofesi, chikwama cha makalata chili paphewa. Ku kiliniki kumene ndinkakana kuja ndinapita atandinyamula. Ndinagonako masabata atatu, miyendo yotangadza, atandipaka jivi wofiirira uja mpaka m'mawondo, nditafunda chitenje cha agogo anu poti buluku silikanatheka. Obwera kudzandiona ndinkawauza kuti ndi malungo aakulu. A manijala anadikira sabata imodzi, koma makalata sakanadikira ine. Anapereka mthuthuthu kwa amene anafika wachiwiri, ndi nyumba yomwe.

Bodza lenilenilo sindinaliyambe ndine, koma zimenezo sizindiyeretsa. Alamu anga, achimwene awo a agogo anu, anabwera ku kiliniki ndi anthu ena a kumudzi, n'kunena kuti, "Munthu wamphamvu chonchi kugwa tsiku lachitatu? Nanga mbuzi ija ndinaiona pakhomo pa kalaliki wamkulu inachokera kuti, si ya bambo ake a Jafali?" Onse anatembenukira kwa ine. Apongozi anga anali pomwepo, chakumbali. Ndikanangoti iyayi, si choncho. Ine ndinayang'ana kudenga n'kunena kuti, "Mulungu ndiye akudziwa." Basi. Pofika Lamulungu komboni yonse inkadziwa kuti Jafali anagula ntchito ndi mbuzi, ena n'kuwonjezapo kuti anandilodza.

Ndinabwerera ku mpeni wanga wodulira, kenako ndinakhala kapitawo, tinamanga nyumba ino ndi manja athu, ana anakula. Zaka zonsezo Che Jafali akadutsa pa munda umene ndinali ankaliza huta kawiri n'kukweza dzanja. Ine ndinkayang'ana tiyi. Amayi anga atamwalira, amene anathamanga kukauza abale ku Goliati anali iwo, pa mthuthuthu womwe uja, popanda wowatuma. Atabwera pa maliro anthu athu sanawapatse ngakhale mpando, anakhala pa mwala mpaka mwambo unatha. Agogo anu ankandifunsa chaka ndi chaka kuti, "Mudzanena liti?" Ine ndinkati nkhani yakale imeneyo, inaiwalika. Kuiwalika kwake ndi kumeneku, mdzukulu wanga kukatukwana nayo nkhalamba pa siteji. Munthu uja ali ndi pakamwa ngati ine. Akanatha kunena tsiku lililonse, anthu akanandiseka mpaka lero. Dzana lomwelo akanatha kukuyankha pamaso pa anzakowo, iwe ukanalowa pansi ndi manyazi. Ndamva kuti anangovala chipewa chawo n'kubwerera ku shopu.

Tsono tamvera, wamakani iwe. Jinzi iyo uichotse pa chingwe, ukavale ku ukwati. Tsiku la mpikisano suvala chinthu chimene sunayendepo nacho ulendo wautali, kaya ndi buluku, kaya ndi nsapato. Cham'kati chikhale chofewa, chokugwira bwino osapindikapindika, chopanda msoko wokhuthala pamene ukhalira. Tadala akuti pa foni pake pali makabudula othina okhala ndi siponji, chabwino, ngati alipo ugule, koma uyambe kuyenda naye pano, osati kumusunga ngati suti. Mafuta umadzola usanakwere, khungu lili louma ndi loyera, osati moto utayaka kale. Ukatsika usambe, uumitse, usinthe, osakhala pa siteji ndi zathukuta mpaka madzulo uku ukusewera bawo. Pakatuluka kachilonda upume, kakatupa upite kuchipatala n'kukanena dzina la malowo mosabisa, anamwino anaona zambiri kuposa zakozo. Masabata amene atsalawa uziwonjezera mtunda pang'onopang'ono, uzolowere kuimirira pa zopondera, ukwere phiri ndi katundu, unyamule madzi ndi nthochi n'kumamwa ludzu lisanakugwire. Chipulasitiki cha amayi ako uchisiye pa msomali. Ukachikhudza ndidzakumenya ndi ndodo iyi, ndilibe nazo kanthu kuti uli ndi ndevu.

Koma izi ndikukuuzazi ndi theka chabe, theka la munthu amene anayenda ulendo umodzi n'kugona masabata atatu. Amene anayenda misewu imeneyi mpaka kupuma ntchito, osasupuka ngakhale kamodzi, ndi uja unamuthamangitsa. Ukuona kabotolo kali pa windo apo? Kabwera dzulo ndi mayi wina wogulitsa tomato. Ndi mafuta a nsatsi. Uthenga wake ndi wakuti, "Mukawapatse achimwene, akamuuze mdzukulu wawo azidzola asanakwere." Palibe mawu ena. Ndinakalandira ndi manja awiri, n'kukhala pansi.

Mawa ndi tsiku la msika ku Khonjeni, anthu adzakhala ambiri, ndipo ndi zimene ndikufuna. Undinyamula pa mthuthuthu wakowo, sayilensa utabwezera. Tikaima pa siteji pomwe paja, uitane anzako onse amene anawomba m'manja, ukawatenge Che Jafali ku shopu, uwapatse mpando. Iwe udzapepesa pambuyo. Woyamba kulankhula ndine, ndipo ndidzanena zonse, chipulasitiki, mphira, jivi, mbuzi imene kunalibe. Aseke amene aseke.

A Esinati, mwaseka mokwanira m'nyumbamo, tatulukani. Mundipezere kabudula wanga wakale uja wofewa, ndipo kabotoloko mubwere nako kuno. Ku Khonjeni n'kutali, msewu ndi wa miyala, ndiyambe ndine kudzola.